Bokosi Lomwe Ndinakhomera Apongozi

Disembala akafika, wina akangoyamba kundiuza kuti mphatso yabwino ndi yomwe munthu wapanga ndi manja ake, ine ndimadzuka n'kuchokapo. Anthu amati ndine wamwano. Si mwano ayi. Ine ndinapangapo mphatso ndi manja angawa. Ndinaipala, ndinaikhoma, ndinaipaka ndi mtima wanga wonse, ndipo inandidyera ukwati. Nkhaniyi sindiikonda, koma popeza kwathu kuno amaikamba mokhotetsa, bola ndiikambe ndekha mwini wake.

Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pomwe munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Ine ndinali ndikuphunzira kukhoma maboti pagombe lomwe asodzi a ku Mbenji amakocheza. Ondiphunzitsa anali Che Saidi, Msilamu wa ndevu zoyera, wosalankhulalankhula, yemwe ankakhulupirira kuti mmisiri amene thabwa lake lalowetsa madzi ndi wakupha. Kwa iwo ndinatengera matenda oyeza chilichonse. Tepi m'thumba, pensulo kukhutu. Ndikakhala kutchalitchi ndinkangozindikira ndikuyeza benchi ulaliki uli mkati.

Ndinali pa chitomero ndi Esinati, mtsikana wa mudzi wina kuseri kwa Khombedza. Chikole ndinali nditapereka, mpango wobiriwira ndi ndolo, ankhoswe anali atakumana, ndipo ukwati unali woti uchitike tikakolola. Chovuta chinali bambo ake, a Mbewe, kamunthu kakafupi, kouma thupi, ka mawu ngati lumo. Iwo sankandifuna. Ankati munthu wa kunyanja alibe munda, amanunkha nsomba, ndipo mwana wawo adzadya utuchi. Mtima wawo unali pa kalaliki wina wa pamsika wa thonje, yemwe ankavala nsapato ngakhale pakati pa sabata. Ndiye ndinkadziwa kuti ukwati wangawo waima ndi mwendo umodzi, ndipo ndinkafuna Khirisimasi ya chaka chimenecho indiimikire mwendo winawo.

Nzeru inabwera ndi Esinati mwini wake, ngakhale lero angakane. Tsiku lina anandidandaulira kuti denga la kwawo likudontha, ndipo mphemvu zaboola nsalu za mayi ake, mpaka nsalu ya chipani yomwe ankavinira kukabwera akuluakulu. A tcheya a amayi anawakalipira pagulu chifukwa cha zibowozo. Ndinangoti mumtima, basi, ndapeza. Ndiwakhomera bokosi la nsalu lomwe madzi, mphemvu kapena chiswe sizidzalowamo mpaka kalekale. Tione ngati kalaliki uja angakhome ngakhale msomali umodzi.

Kumayambiriro kwa Disembala a Mbewe anagonekedwa m'chipatala ku boma ndi chifuwa. Monga mkamwini wofuna kuoneka, ndinapita kukawazonda ndi chambo chowamba. Ndinawapeza atatsinzina. Nditakhala pampando, maso anga anagwera pa bedi lachitsulo lomwe anagonapo, ndipo ndinayamba kuganiza za bedi lomwe ndidzakhome ine ndi Esinati tikakwatirana. Matenda aja anandigwira. Ndinatulutsa tepi, ndinayeza kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, ndinayezanso m'lifupi cha pamapewa pawo, n'kulemba manambala pachikhatho. Zonsezi ndinachita mwakachetechete kuti ndisawadzutse. (Sanali mtulo.)

Matabwa ndinapempha kwa Che Saidi, otsala pa boti lomwe tinali titangomaliza. Anali a mlombwa, aatali, okongola, koma poti anachekedwera kumutu kwa boti, mbali imodzi anali otambalala, mbali inayo akumka nachepa. Mmisiri wanzeru akanawadula kuti afanane. Koma ine ndinaleredwa ndi munthu yemwe ankati kudula thabwa labwino popanda chifukwa ndi tchimo, ndipo manja anga sankadziwa kukhoma chinthu cha ngodya zinayi zofanana. Chilichonse chomwe ndinkagwira chinkatuluka chotakata pachifuwa, chosongoka kumapeto. Bokosilo linatulukanso choncho.

Sindinalekere pomwepo. M'mipata monse ndinatseka ndi thonje, n'kulipaka phula monga timachitira ndi boti, mpaka linada bii, likunyezimira. Poti linali lolemera, ndinalimangira zogwirira za chingwe, ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo. Chivundikiro ndinachipala masiku atatu. Nditamaliza ndinaliika panyanja kuti ndiliyese, ndipo linayandama osalowa ndi dontho lomwe.

Che Saidi analizungulira kawiri, manja ali kumbuyo.

"Mashallah, silidontha," anatero. "Wallahi, munthu atha kugonamo mvula ikugwa. Koma wati ndi la chiyani?"

"La nsalu za apongozi, Che Saidi. Mphatso ya Khirisimasi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera ku thabwa lawo. (Asilamu amaika maliro awo m'nsalu yoyera, osati m'bokosi, ndiye kwa zaka zambiri ndinkawakhululukira kuti mwina sanaone kanthu. Koma ndikakumbukira bwino, ndevu zija zinkagwedera. Anaona mdala uja, ndipo anandisiya dala.)

Inu owerenga mwachiona kale chomwe ndinakhoma. Ine sindinachione. Ndinkaona mlombwa, ndinkaona malumikizidwe osalowa ndi singano yomwe, ndinkaona a Mbewe akugwedeza mutu n'kunena kuti mwana uyu ndinkamunyoza chabe.

Tsiku la Khirisimasi ndinavala malaya oyera ndi jekete lakuda lobwereka. Bokosi ndinalimanga chopingasa pa njinga. Kumwamba kunali mitambo, komanso ndinkafuna kuti anthu asalione msanga, ndiye ndinalifunditsa nsalu yoyera ya pabedi panga. Kupalasa kunali kosatheka ndi katundu wotero, choncho ndinayamba kukankha pang'onopang'ono, nditazyolika chifukwa cha kulemera.

Panjira anthu anandipatsa ulemu womwe sindinaulandirepo chibadwire. Bambo wina anatsika panjinga yake n'kuvula chipewa. Amayi awiri omwe ankapita kutchalitchi anapatuka n'kugwada m'mbali mwa msewu. Ine mtima unangoti myaa. Ndinati jekete ndi jekete basi, munthu ukavala bwino dziko limakudziwa.

Nditayandikira pa Khombedza ndinakumbukira kuti khadi la chipani ndaliiwala m'thumba la kabudula wogwirira ntchito. Anyamata a chipani a malaya ofiira anali atamanga kale chingwe chawo pamsewu, ndipo amenewo sankadziwa Khirisimasi, sankadziwa nkhalamba, ngakhale mayi woyembekezera ankamuuza kuti agulirenso ali m'mimbayo. Koma atandiona anatsitsa chingwe okha. Wamkulu wawo anavula kapusi.

"Pepani, achimwene. Mukupita nalo kuti?"

"Kwa a Mbewe, kuseri uku."

"A Mbewe omwe anali kuchipatala aja? Ayi, pepani kwambiri. Pitani bwino."

Ndinadutsa ndikuthokoza Mulungu kuti lero ndi tsiku langa. Sindinadzifunse n'komwe kuti akundipepesa chiyani. (Ndinkayesa akupepesa kulemera kwa katundu. Musaseke, inunso munakondapo.)

Pafupi ndi mudzi ndinakumana ndi mayi wina akuchokera kuchitsime. Anandiyang'ana ine, anayang'ana njinga, ndowa inagwa pansi, iye liwiro kulowera kumudzi manja ali kumutu. Ndisanamvetse, ndinaona apongozi aakazi akubwera m'kanjira komweko, atavala za kutchalitchi.

Apa ndi pomwe mwambo unandimaliza. Kwathu mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi aakazi, ndipo sawafuulira nkhani panjira ngati mnzake. Ine, pofuna kuonetsa kuti anthu a kunyanjafe tinaleredwanso, ndinatsamiritsa njinga pamtengo, ndinapatuka kulowa m'chimanga, ndinagwada, n'kuzyolika. Ndikanangoti, "Amayi, ndakubweretserani mosungira nsalu," bwenzi lero ndili ndi zidzukulu za Esinati. Koma ndinagwada duu, ngati munthu yemwe mawu amukanika.

Mfuu womwe anakuwa apongozi aja mpaka lero ndimaumva. "Mayo ine! A Mbewe anga ine! Mwandisiyira yani ana ine!"

Ndinati kalanga ine, a Mbewe amwalira kuchipatala, uthenga wafika m'mawa uno, ndipo ine ndabwera ndi mphatso pa tsiku la zovuta. Ndinawamvera chisoni apongozi, ndinamumvera chisoni Esinati, ndipo misozi inayamba kutsika yokha. Inde, ndinalira. Ndinalira maliro omwe ndinawabweretsa ndekha panjinga.

Zinthu zinayenda mofulumira. Mapemphero a Khirisimasi anathera pakati, anthu anakhamukira kwa a Mbewe, kwaya inasiya nyimbo za kubadwa n'kuyamba za chitonthozo. Anyamata anathyola masamba n'kuika panjira. Adzukulu anatenga makasu kulowera kumanda. Azibambo anayi anamasula bokosi panjinga, aliyense n'kugwira chingwe chake (zinawakwanira bwinobwino, zinayi), n'kulilowetsa m'nyumba. Ine ndinati anthu abwino awa, ali pachisoni koma akuganizabe zoti mphatso yanga isanyowe.

Anandikhazika pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi akuluakulu. Achimwene awo a a Mbewe anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mkamwini, mwatichotsa manyazi. Ife tinkakuonerani pansi, koma mwaganiza msanga kuposa ife abale ake. Ntchito yake ndi yooneka."

"Zikomo, bambo. Ndi mlombwa umenewo, sulowa madzi."

"Ayi, agona pabwino. Nanga thupi likubwera nthawi yanji?"

"Kaya, mwina chakumadzulo," ndinayankha ndikupukuta mphuno.

"Anatisiya nthawi yanji kodi? Munali pomwepo?"

"Ine ayi. Ine ndamvera konkuno kwa inu."

Akuluakulu anayang'anizana. Wina anatsegula pakamwa kuti afunsenso, koma sanathe, chifukwa nthawi yomweyo nyimbo ya amayi inaduka pakati ngati ulusi, ndipo tinaona anthu akubalalika kuchokera kunjira, ena akudumpha nkhokwe za eni.

Anali a Mbewe. Kuchipatala anawatulutsa dzulo lake kuti akadyere Khirisimasi kwawo, anagona kwa mbale wawo ku boma, ndipo m'mawa anakwera lole mpaka pa Khombedza. Anabwera wapansi, kachikwama m'manja, bulangete paphewa. Ataona masamba panjira anavula chipewa monga munthu aliyense waulemu, n'kumalowa m'mudzi mwawo momwe akulira, poganiza kuti akazi awo ndiwo apita.

"Watisiya ndani?" anafunsa, ataima pakati pa bwalo.

Apongozi aakazi anasuzumira pakhomo, anakomoka.

Sindifotokoza zonse zomwe zinachitika mu ola lotsatiralo, chifukwa zina ndinazimva ndi msana. Chomwe ndikukumbukira bwino n'chakuti bokosi analitulutsa n'kuliika pabwalo, nsalu yoyera ija atachotsa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaliona ndi maso a anthu ena. Lakuda. Lalitali. Lotakata kumapewa, lochepa kumiyendo. Zogwirira zinayi.

"Ndi la nsalu," ndinatero ndi mawu a mwanapiye. "Ndi la nsalu za amayi. Mphemvu..."

A Mbewe analizungulira monga anachitira Che Saidi, koma ndevu zawo sizinkagwedera. Anatsokomola, n'kundiloza ndi chipewa.

"Abale anga, mnyamata uyu anabwera kuchipatala. Ine ndili gone, ndikulimbana ndi mpweya, iye anatulutsa tepi. Anandiyeza kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Anandiyeza m'mapewa. Analemba padzanja. Ine ndinamuona ndi diso ili. Ndinangoti ndione mathero ake. Mathero ake ndi awa."

"Bambo, ndinkayeza bedi..."

"Bedi! Ndiye wakhoma bedi?"

Mayi wina kumbuyo anati anthu a kunyanja ndi otero, amafuna munthu woti akakhwimire nsomba. Wina anati n'chifukwa chake chifuwacho sichinkamva mankhwala. Achimwene awo aja, omwe anali atangondigwira dzanja ndi manja awiri, anayamba kulipukuta pa thalauza. Ndiye kunabwera adzukulu, matope ali m'mawondo, kudzanena kuti dzenje lafika m'chiuno. Dzenje lokumbidwa silikwiriridwa lopanda kanthu, choncho tsiku la Khirisimasi mudzi wonse unakaika thunthu la nthochi m'manda a munthu yemwe anali khale pakhonde akumwa thobwa.

Zonsezi ndikanapirira. Chomwe chinandithyola ndi Esinati. Anabwera ine ndikumanganso bokosi panjinga, maso atatupa ndi kulira bambo ake amoyo. Sanakalipe. Anatukula chivundikiro, anaikamo mpango wobiriwira uja ndi ndolo, n'kutseka bwinobwino.

"Esinati, iwe ukudziwa kuti ndi la nsalu. Unandiuza wekha za mphemvu."

"Ndikudziwa," anatero. "Koma ine ndizikhala bwanji ndi mwamuna yemwe mudzi wonse ukuti anayeza bambo anga? Akadzangotsokomola, anthu azidzayang'ana ine." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mukanangobweretsa shuga, achimwene."

Achimwene. Dzulo lake ndinali wokondedwa.

Pobwerera palibe anavula chipewa. Mbiri inali itandidutsa kale panjira, ndipo pa Khombedza anyamata a malaya ofiira aja anali akundidikira, chingwe chili chokoka. Wamkulu wawo uja anati ndinawavulitsa kapusi pachabe, ndiye nditulutse khadi. Anandikhazika m'matope pambali pa bokosi langa, ndikuimba nyimbo za chipani, anthu obwera kokadya mpunga akundiwonerera. Jekete la eni ake linathera pomwepo.

Esinati anakwatiwa ndi kalaliki uja chaka chisanathe. Ndinamva kuti pa Khirisimasi yotsatira mkuluyo anapititsa kwa apongozi paketi ya shuga ndi buledi muwiri, ndipo a Mbewe anauza mudzi wonse kuti apeza mkamwini wodziwa ulemu. Buledi! Chinthu chomwe sanaphike n'komwe yekha.

Ine ndinkayesa nkhaniyi idzaiwalika. Koma patangopita milungu yochepa kunabwera anthu awiri pagombe, zipewa zili m'manja, kudzafunsa ngati ndine mnyamata uja wokhoma mabokosi osalowa madzi. Ndinawathamangitsa. Kunabweranso ena, ndi enanso. Asodzi nawo anayamba kukana kuti ndigwire maboti awo, ati dzanja langa ndi la kumanda. Mapeto ake ndinasiya maboti, n'kutsegula kashedi m'mbali mwa msewu. Ntchito yomwe ndagwira moyo wanga wonse sindinaisankhe ine, anandisankhira ndi anthu omwe anandinyoza aja. Amandiopa, sandiitana ku maukwati, koma zikawavuta amadziwa njira ya kwanga.

Bokosi loyambalo sindinaligulitse. Linakhala kuseri kwa shedi, ndikusungiramo mapulena opalira matabwa ndi matepi, mpango wobiriwira uli pansi pake. Mphemvu sinalowemo ngakhale imodzi, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike.

A Mbewe, omwe ndinawakhwimira aja, anakhala ndi moyo zaka zina zambirimbiri, akutukwana anthu ndi chifuwa chawo chomwecho. Tsiku lina m'mawa ndikupala thabwa, ndinaona mayi wonenepa, wa imvi za apo ndi apo, ataima pakhomo pa shedi. Ndinamudziwa ndi kaimidwe.

"Bambo atisiya m'bandakucha," anatero Esinati.

Ndinapepesa, ndinavula chipewa, ndipo mwa chizolowezi dzanja linapita m'thumba kukatenga tepi. Iye analiyang'ana dzanjalo, ndipo pakamwa pake panagwedera pang'ono.

"Musavutike. Muyezo muli nawo kale." Kenako anati, "Lija mukadali nalo?"

Ndinakhuthula zipangizo, ndinachotsa mpango n'kuubisa m'thumba iye asanauone, ndinalipukuta fumbi. Phula linali likunyezimirabe. Anafunsa mtengo, ine ndinati linali mphatso kuyambira kale, ndipo mphatso sagulitsa. Ana ake aamuna, obereka ndi kalaliki uja, analinyamula, aliyense chingwe chake.

Kumaliroko ndinapita, ndinaima kumbuyo. Mumtima ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti lisawakwane. Likhale lalifupi, kapena lalitali kwambiri, kuti mudzi uja uone pomaliza kuti ine ndinkayeza bedi. Koma a Mbewe analowamo ndendende, kumutu osatsala mpata, kumapewa ngati anawaumbiramo. Ndinamva nkhalamba ina ikunong'oneza inzake, mokweza ndithu kuti ndimve: "Mwaona? Tinkanena ife. Anawayeza."

Ndiye musandiuze za mphatso ya manja. Yanga inalandiridwa mochedwa, ndi munthu yemwe sakanathanso kuikana, ndipo ngakhale pamenepo inandipachika mlandu. Masiku ano Khirisimasi ikafika ndimapita kugolosale, ndimagula shuga, ndimapereka, ndimabwerera kwanga. Tepi yokha ndiye ndimayendabe nayo m'thumba, ndipo ndikapita kukazonda wodwala, abale ake amandikhazika panja.